Big, large, great, major... kansi zonsezi si "chachikulu" chomwecho?

mtsikana_wa_Kapata

Muli bwanji nonse akuluakulu. Ine ndikulembanso English pa mayeso a GCE chaka chino ndiye pali chinthu chikundizunguza mutu maningi, mwina muli aphunzitsi muno andithandizeko. Ife pachinyanja timangoti nyumba yaikulu, mfumu yaikulu, nkhani yaikulu, mlandu waukulu, mkulu wanga, konseko ndi kulu yemweyo ndipo palibe amasokonezeka. Manje pachizungu kuli big, large, great, huge, major, main, senior, kwinaku important kwinaku significant, ukalemba kompozishoni kutushoni amadula big n'kulemba large pamwamba, mawa adula large alembe great, koma chifukwa chake sakamba amangoti sizimveka bwino.

Mwachitsanzo msewu wathu uwu wopita ku Lusaka bwanji amati Great East Road osati Big East Road olo Long East Road poti ndi wautali? Komanso a Mpezeni pa wailesi amawatchula Paramount Chief, paramount ameneyu n'chimodzimodzi ndi important kapena? Chonde mundifotokozere muchinyanja chifukwa dikishonale ikungondizungulitsa, ukayang'ana large ikuti big, ukayang'ana big ikuti large.

mphunzitsi_wopuma_Katete

Mwana wanga wafunsa bwino ndipo usadziyese wofooka, vuto limeneli ndinkaliona kalasi iliyonse imene ndinaphunzitsa. Gwero lake ndi lakuti liwu lathu la kulu linasenza zinthu ziwiri pamodzi, kukula kwa thupi ndi kulemera kwa ulemu kapena udindo. Chizungu zinthu ziwirizi chinazigawira mawu osiyana, koma kugawako sikunali kwaukhondo, mawu ena amaponda mbali zonse ziwiri, mpake dikishonale ikukubweza pomwe unayambira.

Uyambe wadzifunsa, kodi chinthu ndikukambachi ndingachiyeze ndi tepi, kuchiika pa sikelo kapena kuchiwerenga? Ngati inde, large alowa bwinobwino. A large field, a large family, a large number of farmers, a large amount of money. Large amathera pomwepo basi, ku ulemu safika. Sungati a large day pokamba tsiku la ukwati, sungati a large mistake, mzungu amva koma ziwawa m'khutu. Big ndiye ali ngati chitenje, kumunda alowa, kumaliro alowa, kutchalitchi alowa. Big house, big mistake, big day, big problem, zonse zili bwino, kungoti ndi liwu la pakamwa, la macheza, ndiye mu kalata yopempha ntchito kapena mu lipoti aphunzitsi ako amafuna uonetse kuti uli ndi mawu ena m'thumba. Akadula big nthawi zambiri sikuti walakwa galamala ayi, akuti liwulo silinavale za pamalopo.

Great ndiye wa mbiri ndi ulemu. Tenga munthu mmodzi yemweyo. Ukati he is a large man wakamba thupi chabe, ndi chimunthu chojintcha. Ukati he is a big man, kuno kwathu timamva kuti ndi bwana, wandalama kapena wampando, olo akhale wowonda. Koma ukati a Kenneth Kaunda anali a great man wakamba ntchito imene anagwira potsogolera dziko lino ku ufulu mu 1964, sunayeze msinkhu wawo. Chimodzimodzi Gule Wamkulu, pachizungu amalemba the Great Dance, ndipo a UNESCO, bungwe la dziko lonse loona za maphunziro ndi chikhalidwe, atauzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, anthu akunja anaudziwa ndi dzina limenelo. Ukanati big dance akanaganiza za dansi yodzaza anthu ku holo Loweruka usiku. Ukulu wa gule suli pa kuchuluka kwa ovina, uli pa mwambo ndi mizimu ya makolo, ndiye great yekha ndi amene angaunyamule. Ine zimandiwawa ndikamva mwana wa Chichewa akufotokozera mlendo kuti it is a big dance, amakhala wauchepsa asakudziwa.

Za msewu ndi izi. Kale great ankagwiranso ntchito ya kukula kwenikweni, ndipo tanthauzo limenelo linatsalira m'maina. Great East Road ndi msewu waukulu wolowera kum'mawa, makilomita oposa 550 kuchoka ku Lusaka kudutsa Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, kwathu kuno ku Katete mpaka Chipata, kenako ku Mwami pa malire. Mnzake ndi Great North Road wolowera ku Mpika. Great pamenepo wanyamula zonse, utali ndi kufunika kwake. Great Britain nayenso ambiri amayesa ndi kudzitama, koma dzinalo linali losiyanitsa chilumba chachikulucho ndi Brittany, dera laling'ono la ku France. Maina otere sasinthidwa, umangowaloweza momwe alili.

Ukafuna kudziwa chifukwa chake mawu anachuluka chonchi, ndi mbiri ya dziko lawo. Great ndi liwu lakale la Chingelezi chenicheni. Mu 1066 England anagonjetsedwa ndi anthu a ku Normandy olankhula Chifulenchi ndipo kwa zaka zambiri Chifulenchi ndiye chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kukhoti, mawu ambiri analowa nthawi imeneyo, large ndi limodzi mwa iwo, poyamba linkatanthauzanso munthu wowolowa manja. Major anachokera ku Chilatini. Azungu sanataye liwu lakale polandira latsopano, anasunga onse, lililonse n'kudzipezera ngodya yake.

Huge, enormous, massive ndi pamene ife timaika chi kutsogolo. Nyumba, chinyumba. Mtengo, chimtengo. Ifeyo tili ndi mwayi timangosintha mutu wa liwu, chizungu chilibe njira imeneyo ndiye chimafuna liwu lina lathunthu, a huge house, ndipo kanyumba ndi a tiny house. Chenjera, usalembe very huge, huge ali kale ndi very mkati mwake. Vast umusungire malo otambalala ngati chigwa cha Luangwa.

amai_a_salaula

Aphunzitsi akamba zoona pa large. Ine ndimagulitsa salaula ndiye ma lebo ndimawaona tsiku ndi tsiku, S ndi small, M ndi medium, L ndi large, XL extra large, sindinaonepo malaya olembedwa B kuti big olo G kuti great. Ndiye mng'ono wanga ukaiwala ungokumbuka kolala ya shati, large ndi wa saizi. Koma kasitomala akayesa jekete ikamukulira amati it's too big, sakamba too large kawirikawiri, ndiye ija ya aphunzitsi yoti big ndi wa pakamwa ndikuivomera. Small nayenso ali ndi mnzake little, small ndi saizi chabe koma little amakhala ndi kachifundo mkati, my little girl, ngati mmene timati kamwana kanga.

wa_ku_Mfuwe

Atate aphunzitsi mundikhululukire ndiwonjezeko pang'ono, pa tepi ndi sikelo paja pandigwira mtima koma ndiopa mlongo wathuyu angatenge kuti big ndi wa thupi, great ndi wa ulemu, n'kuthera pomwepo. Ine ndimaperekeza alendo mu South Luangwa ndipo kutchire zimatembenuka. Mwamvapo Big Five, njovu, njati, mkango, kaingo ndi chipembere. Manje taonani, mvuu yamphongo imafika makilogalamu 1,500 ngakhale kupitirira koma mu Big Five mulibe, nyamalikiti mulibe, pomwe kaingo amene kawirikawiri safika olo makilogalamu 90 alimo. Dzinali linachokera kwa alenje achizungu akale, ankatanthauza nyama zisanu zovuta ndi zoopsa kwambiri kuzisaka wapansi. Ndiye big ameneyo sakuyeza thupi, akukamba kuopsa ndi kutchuka. Alendo ambiri amafika ndi mndandanda umenewo m'manja ndiye timawauza kuti kwathu kuno aona zinayi, chipembere chinatha ndi opha nyama mozemba, chili ku North Luangwa komwe anayamba kuchibwezeretsa mu 2003.

Kwinaku ngoma, ija ya nyanga zopotana, m'mabuku a nyama amailemba greater kudu, osati chifukwa ndi yolemekezeka ayi koma pali inzake yocheperako lesser kudu ya ku Kenya ndi Tanzania uko. Apa great wabwerera ku thupi. Ndiye ine ndimati liwu uliphunzire pamodzi ndi mnzake amene limayenda naye, osaliloweza lili lokha.

Ndipo mlongo wanga poti mwatchula Long East Road, liwu lathu la tali nalonso ndi msampha womwewo. Ife timati nyamalikiti ndi yaitali, ng'ona ndi yaitali, phiri ndi lalitali, ulendo ndi wautali, chitsime n'chachitali. Chizungu nyamalikiti ndi tall, ng'ona ndi long, phiri ndi high, chitsime ndi deep, ndipo ku Lundazi n'kutali ndi far. Choimirira tall, chogona long. Munthu ndi tall nthawi zonse, a long man kulibe.

nasi_wa_kumudzi

Ine ndikambeko za important ndi anzake chifukwa kuntchito kwathu mawu amenewa sitiseweretsa, munthu akamva molakwika amatha kuchita mantha pachabe kapena kunyozera chinthu chomwe chingamuphe.

Important ndi chofunika, basi. Alibe nazo za kukula. Kam'bulu ka mankhwala a TB n'kakang'ono kwambiri koma it is important kumwa tsiku lililonse mpaka miyezi 6 ithe. Mbali imeneyi chinyanja chathu chili nalo liwu lakelake ndiye sipavuta, pavuta ndi pamene timati nkhani yaikulu, apo uyenera kusankha, kodi ndi yofunika, important, kapena ndi yoopsa, serious. Matenda aakulu si big disease, ndi serious illness. Malungo aakulu aja ofuna kugonekedwa timalemba severe malaria. Wodwala amene ali pakati pa moyo ndi imfa ndi critical. BP ikakwera kufika 140/90 kupita m'mwamba ndi high, thupi likatentha kwambiri ndi high fever, big salowapo.

Major ndi minor amayenda awiri ndipo amakamba poyerekeza ndi zinzake. Major operation ndi opaleshoni yaikulu ngati ija yochotsa mwana m'mimba, minor ndi ngati kusoka bala kapena kutumbula chithupsa. Mu kompozishoni ungalembe kuti malaria is a major problem in Eastern Province, kutanthauza kuti mwa mavuto ambiri awa ali m'gulu la akuluakulu. Main ndiye amasankha chimodzi chokha chotsogola, the main cause, the main gate, the main road. Ndiye a major cause zilipo zingapo, the main cause n'chimodzi, onetsetsa a ndi the pamenepo.

Significant ndi amene ana asukulu amamukonda chifukwa amamveka wophunzira, amamuika paliponse pamene pali important ndipo sizikhala bwino. Significant amatanthauza kuti chinthucho chafika poti sungachinyalanyaze, chikuonetsa kanthu. Mwana akatsika sikelo pang'ono sabata imodzi mwina wangodwala chimfine, koma mzere wa pa kadi yake ukamatsika mwezi ndi mwezi timati significant weight loss, tiyenera kufufuza. Sungauze munthu kuti it is significant to wash your hands, apo ndi important. Ndipo pamwamba pa important pali essential ndi vital, zija zoti popanda izo palibe chichitika, n'chifukwa kugunda kwa mtima, kupuma, kutentha kwa thupi ndi BP timazitcha vital signs. Urgent ndi chinanso, ndi chachangu, chosadikira mawa.

mdzukulu_wa_Mtenguleni

Funso la paramount palibe waliyankha bwino ndiye ndilitenge ine. Paramount si important chabe mlongo wanga, ndi wapamwamba pa onse, amene pamwamba pake palibenso wina mu mzere umenewo. Mafumu onse ndi important kwa anthu awo, koma paramount mu Zambia alipo anayi chabe, Litunga wa Alozi, Chitimukulu wa Abemba, ndipo awiri ali kwathu kuno kum'mawa, Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni wa Angoni ndi Kalonga Gawa Undi wa Achewa. Mukapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February kapena ku Kulamba ku Mkaika mu August mudzaona nokha tanthauzo lake, mafumu ena onse amabwera kudzagwada kwa mmodzi, ndipo ku Kulamba amachokera mpaka ku Malawi ndi Mozambique. Pansi pa Paramount Chief pali Senior Chief, monga a Nzamane kwa Angoni kapena a Kalindawalo kwa Ansenga ku Petauke, kenako Chief, kenako anyakwawa a m'midzi amene chizungu chimati headman. Ife tikati mfumu yaikulu tingatanthauze aliyense wa awiri oyambawo, koma mukalemba kalata yachizungu n'kutchula Paramount Chief kuti Senior Chief mwalakwira mpando, anthu sakondwa nazo ndipo ali ndi chifukwa.

Mukaona m'nyuzipepala alemba of paramount importance ndiye kuti chofunika koposa zonse, musachiike pa zinthu wamba.

Senior nayenso mumvetse, pa mafumu ndi pantchito ndi wa udindo osati zaka zobadwa. Senior teacher atha kukhala mwana poyerekeza ndi aphunzitsi ena a pasukulupo. Ndipo chief ali ndi ntchito ina yosakhudza ufumu, Chief Justice ndi mkulu wa oweruza onse, chief accountant ndi mkulu wa owerengera ndalama. Kumakhoti n'komwe kulu wathu amasokoneza kwambiri, pa wailesi amati khoti lalikulu ponena High Court, amatinso khoti lalikulu ponena Supreme Court, chonsecho ndi makhoti awiri osiyana, High Court ili pansi, pakati pali Court of Appeal, Supreme Court ili pamwamba. Munthu amene ali ndi mlandu ayenera kufunsa dzina lachizungu lenilenilo kuti adziwe pamene nkhani yake yafika.

mtsikana_wa_Kapata

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse mu buku, ya Big Five ija sindinkaidziwa n'komwe. Aphunzitsi ndifunseko kamodzi kena, nanga za pachibale? Mkulu wanga ndilembe big sister kapena elder sister, komanso amai aang'ono ndi atate aakulu anzanga amalemba small mother ndi big father, zimaloledwa pa mayeso? Ndayesanso ziganizo izi mundionereko. There was big rain in Chipata last night. The price of fertiliser is very big this year. Groundnuts are a major crop in Eastern Province. My grandmother is the most important person in my life.

mphunzitsi_wopuma_Katete

A ku Mfuwe akamba zoona ndipo ziganizo zako ziwiri zoyamba zikuchitira umboni mawu awo. Mvula pachizungu siikula, imalemera, heavy rain. Mphepo ndi strong wind. Mtengo wa katundu sukula, umakwera, the price is very high, ukatsika ndi low. Izi palibe lamulo lozifotokoza, n'chizolowezi cha eni chilankhulo, ndiye buku lakolo ugawe tsamba, kumanzere ulembe dzina la chinthu kumanja liwu loyenda nalo, ndipo ukamawerenga nyuzipepala kapena kumvera nkhani zachizungu uzitola awiriawiri. Chachitatu chili bwino kwambiri, nshawa ndi imodzi mwa mbewu zikuluzikulu kuno pamodzi ndi chimanga, thonje, soya ndi fodya, ndipo ukanati the main crop ukanayenera kutchula chimanga. Chachinayi ndilibe chokonza. Ungosamala katchulidwe, mphamvu uiike pakati, im-POR-tant, chifukwa ukaiika poyamba limamveka ngati impotent, liwu lonena mwamuna wopanda mphamvu za m'banja, ndipo pa intavyu ya ntchito anthu amaliona limenelo.

Big sister ndi chizungu chabwino, eni ake amakamba choncho kunyumba, koma pa mayeso lemba elder sister kapena older sister. Elder amagwira pa abale ndi pa akulu a mpingo, church elders, ndipo sayenda ndi than, umati she is older than me osati elder than me. Wamng'ono ndi younger sister, osati small sister.

Small mother ndi big father ndi chizungu chathu cha kuno, tonse timamvana, koma wochonga mayeso adula. Chizungu chili ndi aunt ndi uncle basi, ndipo pamenepa ndi pamene chimasauka poyerekeza ndi ife. Aunt yemweyo ndi amai aang'ono, ndi amai aakulu, ndi atate aakazi, ndi akazi a amalume, anthu anayi amene pamwambo wathu ali ndi malo osiyana kotheratu. Mng'ono wa amai ako ndi mai wako ndithu, amai ako atamwalira ndi amene amakutenga osafunsa munthu, ndipo ana ake ndi abale ako a bere limodzi osati asuwani. Amalume kwa ife Achewa ndi eni mbumba, nkhani ya ukwati wako singathe iwo kulibe, pomwe uncle wachizungu atha kukhala ngakhale mwamuna wa aunt, amene anangokwatira m'banjamo. Ndiye ukafuna wowerenga amvetse usangoti aunt, lemba my mother's younger sister koyamba, ndipo ngati nkhaniyo ikufuna uwonjezere kuti who raised me as her own child, kenako m'mizere yotsatira my aunt akwanira. Atate aakulu ndi my father's elder brother. Grand ndi wa agogo, grandmother, grandfather, ndipo amai a agogo ako ndi great-grandmother, great ameneyo akungowonjezera m'badwo umodzi, sakutamanda munthu.

Tumizanso ziganizo zina zisanu, ziwiri za significant, chimodzi cha vast, ziwiri za serious, ndidzaziona mawa ndikabwera kudimba.